Mutu 6: Uthenga wa Matenda, Kalata ya Maliro

1. Envulopu yofiirira

Kalata ija inafika Lachinayi, tsiku lotsatira kumeta. Pilira anali pakhonde la nyumba ya malemu amayi ake, m'mudzi wina wa ku Mphunzi, akutsuka mbale zimene anabwereka kwa anansi pa nthawi ya maliro. Mutu wake unali wometa mpala, ndipo mphepo ya mwezi wa Juni inkamulowa mpaka m'makutu.

Wa kabaza anaima pamsewu, nakweza envulopu m'mwamba. Pilira anapukuta manja pachitenje n'kukailandira.

Inachokera kwa a Linus, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yogonera ya atsikana imene Pilira ankaphunzira Fomu 3, kuseri kwa Phiri la Dedza. Mawu ake anali ochepa. Pilira anapatsidwa chilolezo cha masiku atatu, koma masabata atatu anali atadutsa. Bungwe lomwe linamupezera malo pasukulupo linkafuna kuti Lolemba, nthawi ya 10 koloko m'mawa, akaonekere kwa Mayi Emily, mzungu amene anali woyang'anira watsopano wa bungwelo, ali ndi kalata ya Chingerezi yolemba yekha yofotokoza chimene chinamuchedwetsa. Kalatayo ikapanda kumveka, malo ake adzapatsidwa kwa mtsikana wina.

Kuti nkhaniyi imveke, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Amayi ake a Pilira anamwalira mwadzidzidzi Lolemba, pa 2 Juni, atangobwera kudimba. M'mawa mwake a Ignasio, mlongo wawo wa malemuwo, anaimba foni kusukulu. Sananene za imfa. Anangoti, “Mayi ake a Pilira matenda akula. Mutumizeni lero lomwe.” A Linus analemba m'buku la zilolezo kuti mayi akudwala, masiku atatu.

Pilira anatsika minibasi pa Chimbiya, nagula malalanje ndi buledi zoti akapatse wodwala. Atayandikira kumudzi, anaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa maliro. Anafunsa wa kabaza kuti ndi a ndani. Wa kabazayo anangochepetsa liwiro. Pilira anatsika njinga isanaime bwino, ndipo malalanje aja anagubuduka m'fumbi.

Tisafulumire kuwaweruza a Ignasio. Kwathu kuno mwana amene ali kutali sauzidwa imfa ya kholo pa foni. Akuluakulu amaopa kuti angakomoke pamsewu, kapena kudziponya pagalimoto. Amamuitanira matenda kuti akamvere pakati pa abale oti amugwire. Ndipo poti Pilira anali mwana wamkazi woyamba, banja linati asachoke panyumba mpaka atameta. Kumetako kunachedwa podikira a Timoteyo, amalume ake ena ochokera ku Joni.

2. Nzeru za amalume

Pilira anawapeza a Ignasio kuseri kwa nyumba akukonza mpini wa khasu. Anagwada chapatali n'kuwawerengera kalata ija.

“Amalume, kodi kusukulu simunawauze za maliro? Paja munati mwawauza.”

A Ignasio anayang'ana mpini uja nthawi yaitali.

“Ndimati ndiimba mawa. Mawa litafika, ndinatinso mawa. Nanga ndikanayamba bwanji? Ndinene kuti aphunzitsi, paja tsiku lija ndinakunamizani? Ine munthu wamkulu, wa mu kwaya?”

“Ndiye chifukwa chake anzanga sanabwere ndi mmodzi yemwe,” anatero Pilira motsitsa mawu.

A Ignasio analowa m'nyumba, natuluka ndi kabuku ka kuchipatala ka malemu aja. Kanali kodzaza ndi zidindo, pakuti mayiwo ankalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zinayi.

“Tamvera, mphwanga,” anatero. “Ine ndagwirapo ntchito kwa azungu ku Lilongwe, ndikuwadziwa. Mzungu sakhulupirira misozi, amakhulupirira pepala lachidindo. Ukapita kukanena kuti amalume anati matenda pomwe inali imfa, iye adzamva chinthu chimodzi chokha, kuti banja ili ndi labodza. Akadzamva choncho, malo ako apita. Ndiye iwe ukanene kuti unapeza amayi ako ali gone, unawadwazika masabata awiri, amwalira sabata yathayi. Kabuku aka kakuikira umboni kuti ankadwaladi. Tangosuntha tsiku pang'ono basi. Ndani adzabwere kuno kudzawerenga masiku pamanda? Mawu anga a pa foni akhala oona, iwe ubwerera kusukulu, aliyense wasunga ulemu wake.”

Pilira analandira kabuku kaja ndi manja awiri.

Masana omwewo anatenga kope lake la Chingerezi, momwe ankasungiramo mawu ovuta, nasankha aakuluakulu onena za chisoni. Analemba kalata monga anamuuzira amalume ake.

3. Pa mulu wa mbatata

Lachisanu m'mawa anapita nayo kwa a Zikhalo, mkulu wawo wa malemu agogo ake aamuna. Mkuluyu anagwira ntchito ya macheka pa Phiri la Dedza zaka makumi awiri. Chingerezi anachiphunzira ali bambo wa ana atatu, pa sukulu ya madzulo, ndipo pambuyo pake ankamasulira ansembe achizungu ku mishoni. Fumbi la matabwa linawasiyira chifuwa chosatha.

Anawapeza pabwalo akusankha mbatata ya kachewere yoti ipite ku Chimbiya, zazikulu mulu wake, zazing'ono mulu wake.

“Wabwera kudzandithandiza, kapena kudzandionetsa mpala?” anafunsa.

“Ndabwera ndi kalata, agogo. Mundionereko zolakwika.”

A Zikhalo anavala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, nawerenga mokweza, liwu ndi liwu: “I am devastated, depressed, melancholy and heartbroken because I nursed my sick mother for two weeks.”

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Pilira anawatungira madzi.

“Mawu anayi onenepa,” anatero atapuma, “atakwera pamsana pa bodza limodzi lowonda. Lithyoka, mwana iwe. Ndi nzeru za Ignasio izi?”

Pilira anagwedeza mutu movomera.

“Khala apa. Sankha mbatata uku ndikulankhula, manja asagone.”

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi dikishonale yakale yopanda chikuto, yokutidwa ndi pepala la simenti. Pilira anatambasula dzanja, koma iwo anaikokera pamiyendo pawo.

“Bukuli silichoka pakhomo pano. Ofuna kuliwerenga amabwera.”

Sanalitsegule n'komwe. Anatola kambatata kakang'ono.

“Wogula pa Chimbiya akapeza kuti wasakaniza zazikulu ndi zazing'ono m'ndowa imodzi, amadziwa kuti ukubisa kanthu. Mawu nawonso ndi chimodzimodzi. Tiyambe ndi sad. Mwana mpira wake ukaphulika, ali sad. Iwe ukalakwa masamu, uli sad. Wofedwa nayenso akhoza kulinena, si liwu lonyozeka ayi, koma ndi lotambalala ngati chitenje, limakwana aliyense. Silinena kuti chakugwera n'chiyani.

“Tsono awa walembawa. Melancholy ndi la m'mabuku. Ndi chisoni cha munthu wokhala pawindo mvula ikugwa, iye mwini osadziwa bwino chimene chamukhumudwitsa. Iwe sukudziwa chimene chakukhumudwitsa?”

“Ndikudziwa, agogo.”

“Lichotse. Depressed anthu amangolitchula mwachisawawa, koma pa kalata ya ku ofesi mwini wake ndi dokotala. Ndi nthenda ya maganizo yofuna chithandizo, ndipo amene akudwaladi asachite nayo manyazi. Kodi dokotala wakuyeza?”

“Ayi.”

“Lichotse. Devastated ndi heartbroken si abodza. Loyambalo limanena munthu amene wasiyidwa ngati munda wa chimanga pambuyo pa matalala, linalo limanena mtima wosweka. Koma mayi ameneyo sanakufunse kuti kukuwawa motani. Wakufunsa kuti unali kuti masabata atatu. Ukamuunjikira mawu olira okhaokha, aziona ngati ukumupempha kuti asafunse.”

Kenaka anasankha mbatata zitatu zazikulu, naziika pamzere patsogolo pa Pilira.

“Ako ndi awa. Loyamba bereaved. Ndiye kuti wofedwa. Silikamba za mumtima, limangonena chimene chachitika, kuti imfa yakulanda munthu wako. Ndi liwu loti ku ofesi amalidziwa, ndipo amalilemekeza.

“Lachiwiri mourning. Kumeneku ndi kulira maliro kumene anthu amakuona ndi maso. Kugona pa siwa, kusapita kumunda, nsalu yakuda, mpala wakowu. Kuli ndi mwambo wake, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kalilidwe kake.

“Lachitatu grief. Limeneli ndi la m'kati. Ndi chija chimakugwira ukaona mpango wa amayi ako pa msomali. Palibe amene amaliona. Mourning yathu inatha dzana ndi lezala. Grief alibe tsiku la lezala.”

Pilira anasiya kusankha mbatata. Misozi inagwera pa zala zake zafumbi. A Zikhalo anamusiya alire, iwo n'kumapitiriza ntchito.

“Palinso limodzi,” anatero pambuyo pake, “koma si lako lonena. Condolences ndi chipepeso. Amanena ndi mlendo kwa wofedwa. Ukalimva, iwe ungoyankha kuti thank you. Ndinamvapo kalaliki wina pamaliro a mkazi wake akuuza bambo mfumu kuti ‘my condolences, Father,’ wansembe n'kusowa poyang'ana.”

Pilira anaseka uku akupukuta m'maso. Kenaka nkhope inagwanso.

“Koma agogo, ndikanena zoona, amalume akhala abodza pamaso pa mzungu. Malo anganso akhoza kupita.”

“Akhoza kupitadi. Sindikunamiza.”

A Zikhalo anavula magalasi.

“Ndikuuze kanthu. Chaka china kuphiri kuja mtengo unagwera mnzanga, n'kufera pomwepo. Akapitawo anatuma ine kuti ndikauze mkazi wake. Ndinakafika n'kunena kuti wavulala pang'ono, ali kuchipatala. Mayi uja anaphika phala, nalisenza mtunda wonse wopita ku boma, ine ndikuyenda pambuyo pake ngati chitsiru. Atazindikira, sanandikalipire. Anangoti, ‘A Zikhalo, mukanandiuza, ndikanavala nsalu ina.’ Mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwa kapena ndinachita bwino. Mwina akanagwa panjira. N'chifukwa chake Ignasio sindimuweruza pa foni ija. Anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa, ndipo anachita mokukonda.

“Koma izi wakuuza tsopanozi ndi zina. Bodza loyamba lija linali loteteza iwe. Lachiwirili ndi loteteza manyazi ake. Ndipo tamvera bwino, mdzukulu wanga. Tsiku limene amayi ako anatisiya lidzalembedwa pa chiliza. Ukalisuntha lero chifukwa cha malo a sukulu, chaka chilichonse udzakhala ndi masiku awiri, lina lolira kumudzi, lina lonamizira kusukulu. Anzako akadzabwera kudzaona manda, udzaimirira kutsogolo kwa chiliza kuti asawerenge. Mayi ako anakusiyira zochepa. Tsiku lawo usaligulitse.”

“Mundilembere ndinu, agogo.”

“Ayi. Ine ndakusankhira mbatata. Kuphika n'kwako.”

4. Lolemba, 10 koloko

Pilira analawirira m'mamawa atavala yunifolomu ndi duku kumutu. A Ignasio anamuperekeza mpaka pamsewu.

“Kabuku kaja watenga?”

“Ndatenga, amalume.”

Kanalimodi m'chikwama. M'menemo munalinso makalata awiri, yoyamba ija ndi ina imene analemba Loweruka.

Mu ofesi anapezamo a Linus ndi Mayi Emily. Mayiyu anali atakhala m'Malawi miyezi inayi yokha, ndipo Chichewa ankadziwa moni basi. Sanali munthu wankhanza. Koma chaka chathacho atsikana atatu anachoka pasukulupo ndi uthenga wa matenda a makolo, ndipo sanabwererenso. Awiri anapezeka atakwatiwa, mmodzi akugwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. N'chifukwa chake bungwe linakhwimitsa lamulo.

Mayi Emily analankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono kuti amveke.

“Pilira, buku ili likuti amayi ako ankadwala, ndipo unapatsidwa masiku atatu. Uli ndi pepala lililonse la kuchipatala? Ngati lilipo, nkhani yathu ikhala yaifupi.”

Pilira anapisa dzanja m'chikwama. Zala zinakhudza kabuku kaja. Kanali pamwamba penipeni, kosavuta kutulutsa. A Linus ankayang'ana pawindo. Panja belu la phunziro lachitatu linalira.

Dzanja linadutsa kabuku kaja, n'kutuluka ndi kalata ya Loweruka.

“Ndilibe pepala loti ndikuonetseni, madamu. Ndili ndi kalata. Ndiloleni ndiwerenge.”

Anaimirira. Anatambasula kalatayo n'kuyamba kuwerenga.

“Madam, I was bereaved on the second of June. When my uncle phoned the school, my mother was not sick. She was already dead.”

A Linus anatembenuka msangamsanga. Pilira anapitiriza. Kalatayo inafotokoza za masamba a pamsewu, za mwambo woti mwana wamkazi woyamba sachoka panyumba asanamete, ndi za amalume a ku Joni amene anachedwa panjira. Inalibe liwu lalikulu ndi limodzi lomwe loposa atatu aja. Inatha motere:

“We were in mourning for three weeks. The mourning ended on Wednesday. My grief has not ended, but I can carry it to class.”

Atamaliza, anamasula duku n'kulipinda m'manja.

Mayi Emily anayang'ana mutu wometawo, kenaka buku la zilolezo.

“Ndiye kuti amalume ako ananamiza sukulu?”

“Inde, madamu. Ananamizanso ine. Anafuna kuti ndifike kwathu ndi miyendo yanga. Kwathu mwana sauzidwa imfa ali yekha pamsewu. Chimene analakwa n'chakuti sanaimbenso foni pambuyo pake. Anachita manyazi.”

Mayi Emily anatembenukira kwa a Linus. “Zimenezi zimachitikadi?”

A Linus anakanda pachipumi. “Zimachitika, madamu. Ine bambo anga atamwalira ndinali ku koleji. Anandiitanira matenda, ndinagula shuga panjira. Tsiku lija ndikulemba m'bukumu, mtima unandiuza kuti ndifunsitse. Sindinafunse. Pamenepo wolakwa ndine.”

“Ndikufuna kukukhulupirira, Pilira,” anatero Mayi Emily, “koma ofesi yathu ifuna umboni wa munthu wina wosakhala wa m'banja.”

“Alipo a Anselmo, akatekisiti a kwathu. Maliro onse amalemba m'buku la mpingo.”

A Linus anaifufuza nambala, naimba, n'kuika foni patebulo kuti onse amve. Kunamveka nkhuku, kenaka mapepala akutembenuzidwa, kenaka mawu a mkulu wosafulumira.

“Eya, ndawapeza. Mayi Magadalena. Anamwalira pa 2 Juni, tinaika pa 4. Mwanayo ali pompo? Muuzeni alimbe mtima. Anatumikira bwino pamaliro a mayi ake.”

Pilira anakhala pabenchi. Anakumbukira kalata ina ija, yamasabata awiri akudwazika, ili chigonere m'chikwama. Akanaitulutsa, foni yomweyi ikanamutsekera chitseko.

Mayi Emily anatenga cholembera, nadula mzere pa pepala lomulanda Pilira malo, limene linali litalembedwa kale, n'kusaina pansi pake.

“Malo ako ndi ako. Ulowe m'kalasi lero lomwe.” Kenaka anawonjezera kuti, “My condolences, Pilira.”

“Thank you, madam.”

“Abambo Linus, m'Chichewa ndinganene bwanji?”

“Timati pepani. Koma madamu, sitinena tili kuseri kwa tebulo. Timapita pomwe wakhala wofedwayo, n'kudzichepetsa.”

Mayi Emily anadzuka, nazungulira tebulo, n'kunjuta pafupi ndi benchi, mawondo akulira.

“Pe-pa-ni,” anatero, ngati akuponda pamiyala yoterera.

“Zikomo, madamu. Zimachitika,” anayankha Pilira monga amayankhira kwawo. A Linus anatsokomola kuti abise kumwetulira.

Asanatuluke, Mayi Emily anapempha kusunga kalata ija. Anati akufuna kuitumiza kulikulu la bungwe, pakuti malamulo awo anali ndi mzere wa matenda koma analibe mzere wa bereavement. Anagwirizananso ndi a Linus kuti kuyambira tsikulo, mtsikana akaitanidwa ndi uthenga wa matenda, sukulu iziimbira mkulu wa mpingo wa kwawo tsiku lachiwiri, kuti imve zenizeni.

5. Mkeka pansi pa mkungudza

Nkhani inafika m'makalasi Pilira asanafike ku hositelo. Pa nthawi yopuma Tamandani, mnzake wogona naye bedi loyandikana, anamutsekera njira manja ali m'chiuno.

“Iwe, ndiwe munthu wanji? Ife kuno tikupempherera odwala masabata atatu! Ine mpaka kusala tiyi Lachisanu!”

“Iweyo kusala tiyi? Ndiye kunalibe shuga tsiku limenelo.”

“Usandiseke, ndikulira ine,” anatero Tamandani, ndipo analiradi, atamukumbatira pakhosi. Kenaka anamusisita pamutu. “Koma mutuwu, abale. Ngati dzira la nkhanga.”

Madzulo a tsikulo, maphunziro atatha, atsikana a Fomu 3 anayala mkeka pansi pa mkungudza wa kuseri kwa hositelo. Anamukhazika Pilira pakati. Ankabwera awiriawiri, kugwada, kugwira dzanja, n'kunena pepani, monga akanachitira kumudzi akanamva nthawi yake. Anaimba nyimbo ziwiri za maliro. Yachitatu Tamandani anaiyamba mokweza kwambiri moti palibe anaifikira, onse n'kuphulika kuseka, Pilira yemwe.

A Levison, mphunzitsi wa Chingerezi, anamva za kalata ija kwa a Linus. Mawa lake analowa m'kalasi n'kumupatsa Pilira choko.

“Ndamva kuti muli ndi mawu atatu amene agwetsa lamulo la bungwe. Tiphunzitseni, amayi.”

Pilira analemba pabolodi bereaved, mourning ndi grief, nawafotokoza monga anamvera pa mulu wa mbatata. Mtsikana wina wakumbuyo, amene bambo ake anamwalira ali Fomu 1, anakweza dzanja.

“Ndiye kuti ngati zimandipwetekabe mpaka pano, sindine wopepera?”

“Ayi,” anatero Pilira. “Chili ndi dzina lake. Ndi lachitatulo.”

A Levison anati mawuwo asafufutidwe, ndipo anakhala pakona ya bolodi sabata yonse.

6. Mlendo pa geti

Lachisanu m'mawa Fomu 3 inali pamzere kudikira mayeso a sayansi, pamene mlonda anabwera kudzanena kuti Pilira ali ndi mlendo.

Anali a Ignasio. Anaima kunja kwa geti pafupi ndi njinga yamoto ya kabaza, chipewa chili m'manja. Pilira anatulutsa kabuku ka kuchipatala kamene ankayenda nako m'thumba, nakapereka ndi manja awiri.

“Sikanagwire ntchito, amalume. Ndinanena zoona.”

“Ndamva. A Anselmo anandiuza pamaso pa kwaya yonse.” Anakalandira osamuyang'ana. “Unachita bwino, mphwanga. Wandiposa.”

Apo m'pamene Pilira anaona chimene anapanira m'khwapa. Linali buku lokutidwa ndi pepala la simenti, buku la a Zikhalo lija losachoka pakhomo.



“Agogo ako a Zikhalo,” anayamba a Ignasio, “matenda...”

“Amalume.” Pilira anagwira chitsulo cha geti. “Ndili chilili, ndipo sindigwa. Ndiuzeni liwu lake lenileni.”

A Ignasio anakweza maso, namuyang'ana kwa nthawi yoyamba.

“Ali moyo. Ulendo uno sindikusuntha kanthu. Ndawasiya m'bandakucha ali pa mpweya kuchipatala cha ku boma, akulankhula movutika. Anandikakamiza kuti ndikatenge bukuli kunyumba. Akuti muli kapepala, uwerenge usanafike, chifukwa pali munthu amene akufuna ukamupeze m'malo mwawo.”

Kumbuyo kwake belu la mayeso linalira. Tamandani ankamukodola ali pakhonde. Wa kabaza analiza injini.

Pilira analandira buku lija. Linatseguka lokha pamene panali kapepalako, pa tsamba la liwu lakuti forgive, kukhululukira. Pakapepalapo panali dzina la mayi wina, ndi mudzi wa kutsinde kwa phiri, ndi mawu atatu olembedwa ndi dzanja la a Zikhalo: Mayi wa phala.